KUKONZEKERA ZA MAWA NDI KULIMBA MTIMA: PHUNZIRO LA KUNYANJA

Mau oyamba

Dzuwa likamalowa pa Nkope, asodzi amakankhira mabwato awo m'madzi, nyali zili zokonzeka, ulendo wokafuna usipa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adalonjezedwa kuti akapha nsomba. Ena amabwera m'mawa bwato litadzaza, ena amabwera chimanjamanja mafuta a injini atatha. Koma madzulo ake onse amapitanso. Munthu wa kunyanja sasowa kuphunzitsidwa kulimba mtima, pakuti adabadwira momwemo.

Komabe m'midzi mwathu timamva maganizo awiri otsutsana. Ena amati: "Za mawa sizidziwika. Ukapeza idya, ukafuna kuchita kanthu ingochita, tsiku lako likakwana lakwana basi." Ena amati: "Usamayese zachilendo. Gwira chomwe uli nacho, fodya wako ndi yemwe ali pamphuno." Kodi pa magulu awiriwa olondola ndi ati?

Phunziro lino likufuna kuonetsa kuti kukonzekera ndi kulimba mtima si adani. Munthu amene wakonzekera ndiye amatha kuyesa zinthu zatsopano, chifukwa akagwa amakhala ndi podzukira. Chofunika ndi kudziwa kusiyanitsa zinthu zimene tingathe kutaya n'kudzazipezanso, ndi zinthu zimene zikatayika zatayikiratu.

1. Mavuto sali ofanana

Kawirikawiri vuto lililonse likatigwera timalitcha "ngozi" kapena "tsoka". Koma tikaonetsetsa bwino, mavuto alipo a mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndi wa mavuto amene nthawi yake imadziwika. Mphepo ya mwera imaomba chaka ndi chaka m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo pamakhala masiku amene bwato silingalowe m'madzi. Usodzi wa makoka umatsekedwa m'miyezi ya Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane. Nthawi yomweyo ndi imene kumafunika mbeu ndi feteleza. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale chimanga chimasowa ndipo mtengo wake umakwera. Sukulu zimatsekulidwa pa masiku odziwika. Zonsezi si ngozi ayi. Banja limene limadzidzimuka ndi kutsekedwa kwa nyanja lili ngati munthu wodabwa kuti kunja kwada.

Mtundu wachiwiri ndi wa mavuto amene tikudziwa kuti adzabwera, koma tsiku lake sitilidziwa. Awa ndi monga matenda, maliro, chilala, kusefukira kwa madzi, kung'ambika kwa ukonde, kufa kwa injini kapena kubedwa kwa zida. Makolo adati tsoka silinunkha. Izi n'zoona, koma ngakhale silinunkha tonse tikudziwa kuti liliko.

Mtundu wachitatu ndi wa zinthu zimene timazisankha tokha podziwa kuti tikhoza kupindula kapena kutaya. Kuyamba geni, kutenga ngongole yogulira injini, kubzala mbeu yachilendo, kupita ku Joni kukafuna ntchito, zonsezi palibe amatikakamiza.

Mtundu woyamba umafuna kuwerenga masiku. Wachiwiri umafuna kusunga. Wachitatu umafuna kuganiza mofatsa ndi kulimba mtima. Cholakwika chimene ambiri timachita ndi kuthamangira mtundu wachitatu tisadakonze woyamba ndi wachiwiri.

2. Zimene mbiri yathu ikutiphunzitsa

Pa boma la Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, pali chipilala cha wotchi. Pamenepo pali chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946. Sitimayo idali yatsopano, ndipo idakumana ndi namondwe pa ulendo wochoka ku Mbamba Bay kupita ku Chilumba, nigubuduzika kufupi ndi Chitimba. Ngati nyanja idagonjetsa sitima ya chitsulo, nanga bwato lathu la matabwa? Phunziro loyamba ndi ili: moyo wa munthu sapangira juga. Nsomba za lero zikakuphonya udzapha mawa, koma womira alibe mawa.

Chitsanzo chachiwiri ndi nyanja ya Malombe. M'chaka cha 1982 asodzi adapha chambo choposa matani 8,000 m'nyanjayo. Anthu adachuluka, makoka a maso ang'onoang'ono adachuluka, ndipo pokoka ankazula udzu wa pansi pa nyanja ndi kufafaniza zisa zimene chambo chimaswerana. Msodzi aliyense ankati: "Ndikapanda kupha ine apha mnzanga." Patangopita zaka 10, chambo cha m'Malombe chidatsika kufika pa matani mazana owerengeka chabe. Palibe adafuna kuti zitero, koma onse pamodzi adadya mbeu. Nyanja yathu yayikulu nayo chambo chidachepa, ndipo masiku ano nsomba zoposa theka la zimene zimaphedwa ndi usipa. Phunziro lachiwiri: pali chuma china chimene ndi cha tonse, ndipo munthu mmodzi alibe ufulu wochiika pachiswe.

Chitsanzo chachitatu ndi madzi a nyanja eni akewo. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja idatsika kwambiri kotero kuti idaleka kuthira madzi mu Shire. M'chaka cha 1980 idakwera kufika pafupifupi mamita 477 poyerekeza ndi nyanja ya mchere. Pambuyo pake idatsikanso, ndipo anthu adamanga nyumba, masitolo ndi malo ogona alendo pa mchenga umene madzi adausiya. M'chaka cha 2024 nyanja idakweranso kupitirira mamita 476, nilowa m'nyumba ndi m'mahotela a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi kuno, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Akuluakulu amene adaona za 1980 sadadabwe. Phunziro lachitatu: chimene chidachitikapo chikhoza kuchitikanso, ngakhale patapita zaka 40.

Chitsanzo chachinayi ndi njala. Agogo athu amasimba za njala ya 1949. M'chaka cha 1992 chilala chidatsitsa zokolola za chimanga m'dziko muno ndi kuposa theka. M'chaka cha 2002 njala idapha anthu, ndipo nkhokwe za boma zidapezeka zopanda kanthu chifukwa chimanga chidali chitagulitsidwa. Mu Januwale 2015 madzi adasefukira ndipo Mangochi idali pakati pa maboma okhudzidwa. Chaka chotsatira kudagwa chilala. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adasakaza m'chigawo cha kummwera, ndipo mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Tikawerenga zaka zimenezi tiona kuti chaka choipa si mlendo wobwera kamodzi pa moyo wa munthu. Mwana asadamalize sukulu ya pulayimale amakhala ataona chaka choipa kamodzi kapena kawiri.

3. Kodi tsono tiziopa chilichonse?

Ayi. Mbewa ya manyazi idafera ku una. Munthu amene amakana kuyesa china chilichonse amaganiza kuti wathawa ngozi, koma ngoziyo imampeza ali chikhalire.

Taonani munthu wosunga ndalama zake zonse kunsi kwa mphasa poopa kuluza pa geni. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 pa 100 aliyense, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Dola imodzi imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700 tsiku limodzi. Mitengo ya feteleza, mafuta, ukonde ndi zitsulo za injini idakwera. Ndalama za kunsi kwa mphasa zija palibe adaziba, koma zidafooka zili pomwepo.

Taonaninso mlimi amene amabzala chimanga chokhachokha chaka ndi chaka ponena kuti ndi chimene adazolowera. Dera lathu la m'mbali mwa nyanja ndi lotentha, ndipo mvula imadula kawirikawiri. Kudalira chimanga chokha kuno si kusamala ayi, ndi kuika banja lonse m'bwato limodzi.

Chitukuko chimene timachiona m'midzi mwathu chidabwera ndi anthu olimba mtima: mayi amene adayamba ndi beseni limodzi la usipa nakaligulitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe, mnyamata amene adasiya kukokera anzake khoka nagula bwato lake, gulu limene lidayamba kulima dimba la tomato ndi anyezi nthawi ya chilimwe. Onsewa akadatha kuluza. Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa.

Nkhani ya ku Joni ili chimodzimodzi. Achinyamata ambiri a ku Mangochi amapita ku South Africa, ndipo nyumba zambiri za malata zimene tikuziona zidamangidwa ndi ndalama za kumeneko. Koma tisaiwale kuti mu Epulo 2015, alendo atachitidwa chipongwe ku Durban, boma lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu, ndipo ambiri adafika kuno opanda kanthu m'manja. Amene adali atasiya munda, mbuzi kapena kanyumba adapeza poyambira. Amene adagulitsa munda kuti apeze ndalama ya ulendo adabwerera kudzakhala alendo pa mudzi wa makolo awo. Vuto silidali kupita, koma chimene adapinyolitsa kuti apite.

4. Asodzi atatu

Tiyerekeze kuti pa doko limodzi pali asodzi atatu, ndipo onse apha usipa wambiri mwezi umodzi.

Woyamba akuti: "Nyanja ndi munda wosatha." Ndalama zake zikuthera ku mowa, ku zibwenzi ndi kubetcha pa mpira. Mwera utabwera wakhala sabata ziwiri osalowa m'madzi, ndipo m'nyumba ufa watha. Wapita kwa wa katapira, kumene munthu akabwereka K10,000 amabweza K15,000 kapena K20,000 pakutha pa mwezi. Tsiku lobweza litayandikira, walowa m'nyanja usiku wa mphepo, anzake akumletsa. Anthu akuti ndi wolimba mtima, koma zoona zake n'zakuti alibe ufulu wosankha. Njala ndi ngongole ndi zimene zamkankhira m'madzi.

Wachiwiri wakulunga ndalama zake zonse mu nsanza nazibisa. Sakufuna kugula ukonde watsopano, sakufuna kulowa gulu lililonse. Patapita zaka ziwiri ukonde wake wakale watha, ndipo ndalama zija sizikukwananso kugula wina.

Wachitatu wagawa ndalama zake patatu pokambirana ndi mkazi wake. Gawo loyamba agula chimanga nthawi yokolola mtengo uli wotsika, ndi kupatula ya sukulu ndi ya feteleza. Gawo lachiwiri agula mbuzi ziwiri ndi kuponya ku banki m'khonde. Gawo lachitatu alisandutsa mpamba, mkazi wake nayamba kuwamba ndi kuyanika nsomba zokagulitsa ku tauni. Ulendo woyamba mvula idanyowetsa usipa pa thandala ndipo adaluza. Koma ana sadagone ndi njala, ndipo ulendo wachiwiri adapindula. Mwera ukamaomba, iyeyu amakhala pa mthunzi kusoka ukonde wake.

Kodi mwa atatuwa wolimba mtima weniweni ndi uti? Ndi wachitatu, pakuti ndi yekhayo amene adayesa chinthu chatsopano, ndiponso ndi yekhayo amene angathe kuuza nyanja kuti: "Lero ayi."

5. Mafunso anayi tisadayese chinthu

Tisadatenge ngongole, tisadayambe geni kapena ulendo, tiyeni tidzifunse mafunso awa:

(a) Zikalephereka, nditaya chiyani? Ngati yankho ndi ndalama ya mpamba, mukhoza kuyesa. Ngati yankho ndi moyo, munda, nyumba, mbeu kapena sukulu ya mwana, imani kaye.

(b) Kodi wina amene avutike ndi ndani? Mwini boti akalamula anyamata kulowa m'madzi nthawi ya mwera iye ali pa mtunda, ndiye kuti akulimba mtima ndi moyo wa ana a eni. Bambo akatenga ngongole mobisa, wodzalipira ndi mayi ndi ana.

(c) Kodi ndafunsa amene akuzidziwa? Safunsa adadya phula. Alangizi a za usodzi ndi a za ulimi alipo, ndipo anzathu amene adayesapo kale aliponso.

(d) Kodi ndingayambe pang'ono? Mbeu yachilendo iyambe pa mizere yowerengeka. Geni iyambe ndi beseni limodzi. Kuzama kwa mtsinje timayesa ndi ndodo, osati ndi mwana kumsana.

Apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa geni ndi juga. Pa geni, nzeru ndi khama lanu zimasintha zotsatira. Pa juga mulibe chimene mungachite, ndipo masewerawo adakonzedwa kuti mwini wake ndiye azipindula.

6. Njira zokonzekera pa banja

Werengani chaka chonse pamodzi, bambo ndi mayi. Lembani miyezi imene ndalama imalowa ndi miyezi imene imasowa, kuti ya miyezi yabwino idyetse miyezi yoipa.

Musagulitse chimanga chonse nthawi yokolola. Ambiri timagulitsa motchipa mu Meyi n'kudzagula chomwecho modula mu Febuluwale.

Limani mbeu zosiyanasiyana. Chinangwa, mbatata, mapira, nandolo ndi khobwe zimapirira pamene chimanga chapserera.

Musasunge chuma chonse malo amodzi. China chikhale m'nkhokwe, china m'khola la mbuzi ndi nkhuku, china ku banki m'khonde kapena mu foni. Gulu la banki m'khonde likhale ndi malamulo olembedwa, ndalama ziziwerengedwa pamaso pa onse, ndipo pakhale thumba lapadera lothandiza pa matenda ndi maliro.

Banja likhale ndi njira yachiwiri yopezera ndalama imene sidalira nyanja, monga dimba, ukalipentala, kusoka kapena kuweta.

Polowa m'madzi, mverani chenjezo la a zanyengo pa wayilesi kapena pa foni. Tengani nkhafi ngakhale muli ndi injini, chokapira madzi, ndi zovala zoyandamitsa munthu. Musadzaze boti mopitirira muyezo, ndipo auzeni a kunyumba dera limene mukupita.

Ena amati kukonzekera ndi kusakhulupirira Mulungu. Koma Akhristu ndi Asilamu tonse timaidziwa mbiri ya Yosefe, amene adasunga chakudya zaka 7 za dzinthu kuti anthu a ku Ejipito apulumuke zaka 7 za njala. Nzeru yosunga nayo ndi mphatso.

7. Udindo wa mudzi ndi wa boma

Mutu umodzi susenza denga. Pali mavuto ena amene banja limodzi silingawathe palokha.

Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nthawi ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo amatsekula mu Epulo. Mowa ndi juga n'zoletsedwa pa chilumbapo. Asodzi amamvera chifukwa amaona phindu lake nyanja ikatsekulidwa. Imeneyi ndi nkhokwe ya m'madzi. Kuno kwathu, makomiti a m'madoko adayamba m'chaka cha 1993 ku Malombe chambo chitatha, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 lidavomereza kuti anthu eni ake azitenga nawo mbali posamala nsomba. Komiti ya pa doko si ya boma, ndi yathu. Tikasankha anthu olandira ziphuphu kwa eni makoka oletsedwa, kapena tikamaphera nsomba masikito amene tidalandira kuti atiteteze ku malungo, tikubwereza za ku Malombe.

Kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi idali pakati pa maboma amene adavutika kwambiri. Chimbudzi pa doko ndi mjigo wokonzedwa ndi kukonzekeranso kumene. Mudzi umene umasonkha ndalama yokonzera mjigo usadaonongeke sumwa madzi a m'nyanja.

Boma nalo lili ndi udindo wake. Napolo atawononga ku Phalombe m'chaka cha 1991, padakhazikitsidwa lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo m'chaka cha 2023 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano lotsindika pa kukonzekera ngozi isadagwe. Gawo 30 la malamulo aakulu a dziko lino likunena za ufulu wa munthu aliyense pa chitukuko. Chotero nzika ili ndi ufulu wofunsa mfumu, khansala ndi phungu wake mafunso awa: Kodi komiti yoona za ngozi m'mudzi muno ilipo, ndipo idakumana liti? Madzi akasefukira tidzathawira kuti? Ndani akugawa malo omanga m'mphepete mwa nyanja, ndipo akutsata malire ati? Chithandizo chikabwera, maina amalembedwa bwanji? Kufunsa zotere si mwano. Mtsogoleri wabwino sadziwika ndi thumba la ufa limene wabweretsa pa maliro, koma ndi maliro amene wawapewetsa.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani mavuto atatu amene amabwera chaka ndi chaka m'mudzi mwanu pa nthawi yodziwika. Kodi mabanja amawakonzekera bwanji?

2. Kodi madzi a nyanja adafika pati m'chaka cha 1980 ndi cha 2024? Funsani akuluakulu akuonetseni, ndipo ikani chizindikiro.

3. Ndi zinthu ziti zimene banja siliyenera kupinyolitsa kapena kugulitsa pofuna mpamba?

4. Kodi pali chinthu chabwino chimene gulu lanu lakhala likuopa kuyamba? Mungachiyambe bwanji pang'onopang'ono?

5. Nyanja ikatsekedwa, mabanja a asodzi angadye chiyani popanda kuphwanya lamulo?

Mau otsiriza

Palibe munthu amene angatseke mwera kapena kuitana mvula. Koma tikhoza kusoka ukonde kusadache, kusunga thumba la chimanga, kumanga pa mtunda ndi kusiya chambo kuti chiswane. Tikatero tidzakhala ndi ufulu wolowa m'madzi nyanja ikadekha, ndi ufulu wokhala pa gombe ikakalipa. Makolo adati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Sadanene kuti tisaoloke mtsinje, adangotiuza kuti tidziwe nthawi yake.